Bokosi la chiwongolero la Borgeson pa Mustang ya 1968: ndemanga nditaliyendera chilimwe chonse

Galimotoyi, Ford Mustang, ndi ya apongozi anga aamuna, ya injini ya 302 V8, giya ya otomatiki. Msana utayamba kuwavuta anandipatsa makiyi kuti ndiziisamalira. Timakhala ku South Bend, Indiana, ndipo kuno galimoto zotere zimagona m'galaja nyengo yonse ya chisanu poopa mchere womwe amathira m'misewu. Choncho ndikamati ndaliyendera bokosili (bokosi la magiya a chiwongolero la kampani ya Borgeson, lomwe ndinaika m'malo mwa lakale), ndikunena kuyambira Meyi mpaka Okutobala.

Vuto linali lakuti chiwongolero chinkagwedera. Galimoto ili chiimire, ndinkachipotoza pafupifupi zala zinayi matayala osasuntha n'komwe. Pamsewu wa US 31, ndikafika mamayilosi 60 pa ola, inkayenda ngati bwato pamafunde. Lole ikandipitirira, manja ankachita thukuta.

Makaniko woyamba yemwe ndinapitako, dzina ndisatchule, anangomanga kabawuti kosinthira kali pamwamba pa bokosi lakale n'kundiuza kuti zatheka. Kugwedera kunachepadi, koma chiwongolero chinayamba kulimba chikakhala pakati, osabwerera chokha ndikatuluka pakona. Kabawuti kaja sikabwezeretsa mano a giya omwe adya kale. Mukakamangitsa mumangowonjezera kuperesana m'katimo. Musalole munthu akugwireni ndalama pa zimenezi.

Kuti mumvetse chomwe ndinagula, muyenera kudziwa momwe Ford inapangira power steering (makina opeputsa chiwongolero) ya Mustang zaka zimenezo. Bokosi lenilenilo lilibe mphamvu ya mafuta opopedwa ndi pampu. Mphamvuyo imachokera pansi: pali control valve (valavu yowongolera mafuta) yomangidwa pa center link (chitsulo chapakati cholumikiza matayala awiri akutsogolo), silinda yokankha zitsulo, ndi mapaipi angapo olendewera pafupi ndi msewu. Valavu ija iyenera kusuntha pang'ono isanatsegule mafuta, ndiye ngakhale ili yatsopano kakugwedera kamakhalapo. Ikakalamba, mafuta ofiira amadontha pasimenti m'mawa uliwonse, ndipo mayi a kunyumba anali atatopa nazo.

Bokosi la Borgeson lili ndi zonsezo m'kati mwake. Valavu, silinda ndi mapaipi apansi aja timachotsa, n'kutsala mapaipi awiri okha ochokera ku pampu. Reshiyo yake ndi 14:1 pomwe lakale la power steering linali 16:1, kutanthauza kuti mumapotoza chiwongolero pang'ono kuti matayala akhote chimodzimodzi. Pamanambala kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma m'manja mumakumva pakona yoyamba.

Kulimanga si ntchito ya ola limodzi. Limakhala pamabowo atatu omwe aja a pa felemu, koma ndi lalitaliko, ndiye shafti ya chiwongolero iyenera kufupikitsidwa. Pa 1968 n'zosavuta chifukwa shaftiyo anaipanga yoti izilowana pakachitika ngozi. Eni ake a 1965 ndi 1966 ali ndi ntchito yokulirapo, popeza shafti yawo ndi imodzi yochokera m'bokosi mpaka pachiwongolero, ndipo pamafunika kudula. Amene galimoto yawo ndi ya klatchi aonenso malo a Z-bar (chitsulo cholumikiza pedulo ndi klatchi) asanayambe. Ine ndi mlamu wanga tinathera Loweruka lonse, theka la nthawiyo tikulimbana ndi pitman arm (mkono wochokera pa bokosi kupita ku center link) yomwe inakakamira ndi dzimbiri la zaka makumi asanu.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Titamaliza, ndinatuluka nayo ndikuyembekezera chozizwitsa, koma inkasokonekerabe pamsewu, ngakhale osati ngati kale. Ndinatsala pang'ono kulinyoza bokosilo. Titaikwezanso pa jeki n'kugwedeza matayala ndi manja, tinapeza kuti idler arm (mkono wogwira center link mbali inayo) ikuvina, ma tie rod end (mfundo zolumikiza zitsulo ku matayala) awiri atha, ndipo mabushi a strut rod (chitsulo chogwira tayala kuti lisasunthire kutsogolo kapena kumbuyo) aphwanyika ngati chigumu chouma. Bokosi lakale linkangobisa zonsezi m'kugwedera kwake. Zitsulo zimenezi n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi bokosi, ndipo ndikanayambira kumeneko ndikanadziwa bwino kuti vuto lalikulu lili pati.

Kenako alayimenti. Manambala a m'buku la fakitale anawalembera matayala akale a bias-ply, ndipo caster yake (kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe tayala limakhoterapo) ili pafupi ndi ziro. Ndi matayala amakono a radial komanso bokosi lamphamvu chonchi, caster yochepayo imachititsa kuti chiwongolero chisabwerere pakati. Mnyamata wa pagalaja ankafuna kutsatira kompyuta yake basi. Ndinamupempha kuti aike caster ya pafupifupi madigiri 3 a positive, zomwe pa 1968 zimasinthidwa pa manati a strut rod. Apa mpomwe galimoto inasanduka ina. Tsopano pa US 31 ndimagwira ndi dzanja limodzi, lole ikadutsa osadzidzimuka, ndipo simenti ya m'galaja ndi youma.

Pampu ndasiya yakale ya Ford. Poimika galimoto injini ikungolira pansipansi, chiwongolero chimalemerako pang'ono, ndipo ndikuganiza kuti ndi ukalamba wa pampuyo. Ngati galimoto yanu mumapita nayo kumipikisano komwe amaona ngati chilichonse ndi cha fakitale, bokosili si lanu, chifukwa wodziwa akasuzumira amaona msanga kuti lasinthidwa. Zakale zonse ndaziika m'katoni, sindinataye.

Apongozi ndinawatenga mwezi wa Seputembala kuti akaiyese kumisewu ya m'minda ya chimanga kunja kwa tauni. Anayendetsa mwakachetechete kwa nthawi ndithu, kenako anadandaula kuti kale ankaikhotetsa ndi chala chimodzi, pano ikufuna dzanja lonse. Koma makiyi anandibwezera titadutsa pakhomo kawiri.