Ndemanga pa Maphunziro a Michael Sandel a pa YouTube

Pa tchuthi chapitachi ndinaonera zigawo zonse 12 za maphunziro otchedwa Justice (Chilungamo), amene a Michael Sandel amaphunzitsa ku yunivesite ya Harvard ku America ndipo anaulutsidwa koyamba mu 2009. Amapezeka mwaulere pa YouTube, ngakhale kuti kwa ife a ku Salima ulerewo umathera pa mtengo wa bandulo, popeza chigawo chilichonse chimatenga pafupifupi ola lathunthu. Zonse zili m'Chingerezi, koma bamboyu amayankhula modekha, ndipo amalola ophunzira ake kumutsutsa poyera.

Chigawo chimene chinandigwira mtima ndi cha 11, pomwe a Sandel amaunika maganizo a John Rawls, katswiri wa filosofi wa ku America, ndi anzake. M'buku lake la 1971, A Theory of Justice, a Rawls anati malamulo achilungamo ndi amene anthu angagwirizane atakhala kuti sakudziwa ngati adzabadwa olemera kapena osauka, amuna kapena akazi, a mtundu uwu kapena uwo. A Sandel, mogwirizana ndi katswiri wina wa filosofi, Alasdair MacIntyre, amayankha kuti munthu wopanda mudzi, mbumba ndi mbiri kulibe, ndipo pali maudindo ena amene timawapeza pobadwa popanda kuwasankha. Amapereka chitsanzo cha woyendetsa ndege wa ku France amene, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anakana kuponya mabomba pamudzi wa kwawo, ngakhale ankavomereza kuti cholinga cha nkhondoyo chinali chabwino.

Mchewa aliyense amene anakhalapo pa siwa usiku wonse chifukwa cha maliro a munthu amene sankagwirizana naye, kapena amene akulipirira sukulu ana a mlongo wake chifukwa ndiye mwinimbumba, sangavutike kumva mfundo imeneyi. Palibe amene anasainira udindo wa umalume. Makolo athu anaiika mwachidule pamene anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo apa m'pamene ndinaona kupelewera kwa maphunzirowa: amayenda m'maganizo a akatswiri a ku Ulaya ndi ku America, kuchokera kwa Aristotle kufika kwa Kant ndi Rawls, koma umunthu wa kuno ku Africa sautchula.

Komabe sindinachokepo nditawataya a Rawls, ndipo chifukwa chake ndi chilumba chathu cha Mbenje. Kwa zaka zambiri, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi pachilumbachi nyengo ya dzinja kuti utaka uswane, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi la kwawo, lochirikizidwa ndi mwambo. Umenewu ndi umboni wamphamvu wakuti a Sandel akunena zoona. Koma mwambo womwewo, umene umaletsa mowa ndi juga, umaletsanso amayi kupondapo, pamene amayi ambiri a m'mbali mwa nyanja amadyetsa mabanja awo ndi geni ya nsomba. Funso la a Rawls, lakuti kodi tikanavomereza lamulo limeneli tisanadziwe ngati tidzabadwa akazi, silingakankhidwire pambali pongonena kuti ndi mwambo wa makolo. A Sandel eni ake sabisa vutoli, ndipo amavomereza kuti kukhulupirika kwa anthu akwanu kukhoza kusanduka tsankho.

Aphunzitsi anzanga ndi ophunzira a zamalamulo amene bandulo ikuwavuta ayambe ndi chigawo cha 8, chofotokoza a Rawls, kenaka aonere cha 11, makamaka ali pagulu kuti akambirane akamaliza.