Makwerero a tenesi ku Thyolo: zimene ndaona m'miyezi isanu ndi iwiri

Kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Okutobala ndakhala ndikusewera nawo pa makwerero a tenesi amene amayendetsedwa ndi kalabu ina ya masewero yomwe ili pakati pa minda ya tiyi, kufupi ndi boma la Thyolo. Ndalemba izi poganizira anzanga a ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi ku Mulanje amene akhala akundifunsa ngati n'koyenera kulipira ndalama ya umembala ndi kumakwera minibasi Loweruka lililonse chifukwa cha masewero amenewa. Yankho langa ndi lakuti n'koyenera ndithu, ngakhale pali malamulo ena amene akufunika kukonzedwa msanga chifukwa sakugwirizana ndi nyengo komanso moyo wa kuno kwathu.

Makwererowo ndi thabwa lalitali lokhomedwa pakhonde la kalabu, ndipo dzina la wosewera aliyense linalembedwa pa kathabwa kakekake kopachikidwa pa msomali, kuyambira katswiri pamwamba mpaka wongolowa kumene pansi penipeni. Munthu amaloledwa kuitana mnzake amene ali pamwamba pake kuti akaonane pa bwalo, chimene osewera amachitcha kuchalenja, koma saloledwa kudumpha malo opitirira atatu. Woitanidwayo ali ndi masiku atatu oti ayankhe, ndipo masewerowo ayenera kuchitika pasanathe masiku khumi. Wa m'munsi akapambana amatenga malo a wogonjayo, ndipo wogonjayo pamodzi ndi onse amene anali pakati amatsika ndi malo amodzi. Motero wa nambala 9 akagonjetsa wa nambala 6, iye amakwera pa 6, mnzakeyo amatsikira pa 7, wa 7 pa 8, ndipo wa 8 pa 9. Makalabu ena amangosinthanitsa mayina awiriwo, koma ine ndikuona kuti njira ya kuno ndiyo yachilungamo, chifukwa munthu sagwa malo atatu kaamba ka tsiku limodzi limene dzanja linamukana.

Lamulo limene lagwira makwerero onsewa ndi lakuti wokana kusewera popanda chifukwa chomveka amawerengedwa kuti wagonja. Popanda lamulo limeneli, amene ali pamwamba akanamangobisala n'kumasunga malo awo, ndipo thabwa lija likanasanduka chokongoletsa khonde basi. Chifukwa cha lamuloli ndaona mphunzitsi wa pulayimale akusewera ndi manijala wa esiteti, ndaonanso mtsikana wa sekondale akutuluka thukuta limodzi ndi bambo amene kwina kulikonse akanangowapatsa moni atagwada n'kudutsa. M'boma ngati lathu, mmene tenesi yakhala ikuonedwa kwa zaka zambiri ngati masewero a mabwana a m'minda ya tiyi, chimenechi si chinthu chaching'ono, ndipo ndicho chandikhalitsa pa kalabuyi ngakhale pa masiku amene ndinakhumudwa.

Kaseweredwe kake anakaganizira bwino. Amasewera maseti awiri motsatira malamulo a bungwe la International Tennis Federation: seti imatha wina akafika magemu 6 atasiya mnzake ndi awiri, ndipo zikafika pa 6-6 amasewera tie-break, yomwe ndi gemu yapadera yolekanitsa ofanana mphamvu, mmene wopambana ndi woyamba kufika mapointi 7 atasiya mnzake ndi awiri. Aliyense akatenga seti imodzi, m'malo mwa seti yachitatu amasewera tie-break yaitali ya mapointi 10, imenenso wopambana ayenera kusiya mnzake ndi mapointi awiri. Ena achikulire amadandaula kuti imeneyi si tenesi yeniyeni, koma iwo amaiwala kuti mu Juni ndi Julayi mdima umayamba kugwa isanakwane 6 koloko, mabwalo alibe magetsi, ndipo ambiri a ife timafika titaweruka ku ntchito. Wopambana ndiye amatumiza zotsatira kwa mlembi tsiku lomwelo kudzera pa WhatsApp, ndipo mlembiyo, amene ndi mayi wodekha ndi wosakondera, sanachedwepo kusuntha timatabwa tija kupitirira tsiku limodzi.

Nkhani ya mipira ndiyo yolemetsa. Lamulo limati aliyense abwere ndi chitini chatsopano cha mipira, atsegule chimodzi, ndipo wopambana atenge chosatsegulacho pamene wogonja atsala ndi mipira yogwiritsidwa kale ntchito. Mwambo umenewu ndi wodziwika m'maiko ambiri, koma kuno mipira timakaigula ku Blantyre, ndipo mwana wa sukulu amene wagonja katatu motsatizana wagula zitini zitatu. Ndikudziwa achinyamata awiri aluso amene anasiya kuchalenja pa chifukwa chimenechi chokha. Kukanakhala bwino kulola mipira yakale imene idakali yodumpha bwino, malinga ngati osewera onse awiri agwirizana.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wa nkhani. Pa makwerero palibe woyimbira, choncho aliyense amaweruza mipira yogwera mbali yake ya neti. Malamulo ake ndi omveka ndipo anapachikidwa pambali pa thabwa: mpira umene wakhudza mzere, ngakhale pang'ono pokha, uli mkati, ngati sukutsimikiza kuti watuluka, pointi ndi ya mnzako, ndipo woseva, yemwe amamenya mpira woyambitsa pointi, ndiye amatchula zigoli mokweza asanamenye mpira. Pa pepala n'zosavuta, koma kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, lamuloli ndi mayeso aakulu.

Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti ndinakhala pa benchi kuonerera mnyamata wogwira ntchito ya ukalaliki akusewera ndi bambo wina wa imvi amene ali ndi udindo waukulu pa esiteti. Pa tie-break, mpira wa bamboyo unagwera kunja ndi mpata wokwana zala zitatu, ndipo tonse tinauona ukudzutsa fumbi lofiira kuseri kwa mzere. Mnyamatayo anayang'ana pansi, anakweza raketi pang'ono, kenaka anaitsitsa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Unali mkati, bwana." Bamboyo anayenda mpaka pa neti n'kuyankha kuti, "Ayi mwanawe, watuluka umenewo, ndauona ndi maso angawa. Pointi ndi yako, ndipo pa bwalo pano usamanditchule bwana." Mnyamatayo anapambana masewerowo, ndipo anali bamboyo amene anapita kukasuntha timatabwa ndi manja awo. Si onse amene ali ndi mtima wotere. Ndaonanso ena akugwiritsa ntchito ukulu wawo kuti alande mapointi, podziwa kuti wamng'ono sangayerekeze kuwatsutsa, ndipo malamulo a kalabu sanena kanthu za chimene wolakwiridwayo angachite. Pakufunika ndime yolola wosewera aliyense kupempha membala wachitatu kuti aime pafupi ndi neti, popanda pempholo kuonedwa ngati chipongwe.

Chofooka chachikulu cha malamulowa n'chakuti akuoneka kuti anatengedwa kwina, kumene kulibe chiperoni. Aliyense wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amadziwa kuti pakati pa Meyi ndi Ogasiti mvula yowaza ija ikhoza kukhala masiku atatu kapena anayi osaleka, ndipo bwalo la simenti limachita ndere m'makona mpaka kuterera ngati sopo. Komabe masiku khumi aja amawerengedwa osaima. Palibenso ndime yonena za masewero amene mvula yawadukiza, ngakhale malamulo a tenesi amanena momveka kuti masewero otere amapitirira pa zigoli zomwezo, woseva ali yemweyo ndipo aliyense ali mbali yomwe anali. Kusowa kwa ndime imeneyi kunakanganitsa anthu awiri amene anali mabwenzi, wina akufuna kuyambiranso, wina akufuna kupitiriza pa 5-2.

Ineyo ndinatsika malo mu Julayi chifukwa ndinali ku maliro a malume anga kwa sabata yathunthu. Nditabwerera ndinapeza kathabwa kanga katasunthidwa, popeza masiku anali atadutsa ndipo amene anandichalenja anali atapatsidwa chipambano. Mlembi anandipepesa mochokera pansi pa mtima, koma anati manja ake ndi omangika chifukwa mawu akuti "chifukwa chomveka" sanatanthauziridwe paliponse, ndipo komiti inali itagamula kale pa nkhani ina kuti matenda okha ndiwo amaimitsa masiku. Zinandipweteka, osati chifukwa cha malowo, amene ndinawabweza patatha mwezi, koma chifukwa sindikumvetsa kuti kalabu ya Amalawi ingalembe bwanji malamulo osatchula maliro. Chimodzimodzinso nyengo yothyola tiyi, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene ogwira ntchito m'mafakitale amaweruka usiku: munthu ayenera kuloledwa kuimitsa dzina lake kwa milungu ingapo osalangidwa ngati waulesi.

Mabwalo enieniwo ndi awiri. Limodzi lili bwino, mizere yake ndi yowala ndipo kumbuyo kuli malo okwanira othamangira. Linalo lili ndi mng'alu pafupi ndi mzere wosevera umene umakhotetsa mpira, ndipo neti yake ilibe lamba wa pakati. Neti iyenera kukhala yotalika mamita 0.914 pakati ndi mamita 1.07 pa mizati, koma nditayeza ndi tepi ndinapeza kuti pakati inali yokwera kuposa pamenepo m'mawa, pomwe madzulo inali italendewera. Masewero a makwerero asamachitikire pa bwalo limenelo kufikira litakonzedwa.

Ndalipira kale umembala wa chaka chamawa, ndipo ndapereka kwa mlembi maganizo anayi olembedwa, okhudza mipira, membala wachitatu pa neti, masiku a mvula, ndi kuimitsa dzina pa nthawi ya maliro kapena ya ntchito yambiri, kuti akambidwe pa msonkhano wa mamembala mu Novembala. Amene akufuna kulowa nawo afike Loweruka m'mawa atavala nsapato za pansi posalala, atenge madzi akumwa okwanira, ndipo adziwe kuti kathabwa kawo kadzapachikidwa pa msomali wa pansi penipeni, ngakhale atakhala kuti anasewerapo ku Blantyre kapena ku Lilongwe.