Nsapato za pakaunjika ndi phiri la Dedza, patatha miyezi 8

Mu Meyi ndinagula nsapato zothamangira pakaunjika pa boma. Ndinkafuna kuona ngati zimene ankanena mnzanga, zoti kuthamanga mtunda wautali kumaphunzitsa munthu kugwira ndalama, zinali zoona. Lero zabooka pa chala chachikulu, ndipo wosoka nsapato wa kumsika wazigwirapo kawiri. Kunsi kwake kunatha msanga ndi miyala ya m'njira yokwera phiri. Pa phula la M1 zikanakhalitsa, koma ine malole ndimawaopa.

Masiku oyamba ndinkanyamuka ngati wothamangitsidwa ndi galu. Ndikangolowa m'mapaini, manja ali pamawondo, wefuwefu. Phirili ndi lalitali mamita pafupifupi 2,200, ndiye tauni yathuyi ili kale pamwamba, mpweya umachita kuperewera. Bambo wina wachikulire amene ankatsika ndi mtolo wa nkhuni anaima n'kundiyang'ana. "Achimwene, mukuthamangira chiyani? Phiri silisamuka."

Ndinaseka, koma mawuwo anandilasa pena. Malipiro anga ndinkawatero: alowa pa 27, pofika pa 5 ndili kale pakhomo pa wakatapila.

Kuchokera apo, Loweruka lililonse ndikatsika phiri, thukuta lisanaume, ndimatumiza masheya awiri ku banki mkhonde pa Airtel Money. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno kukuluma zala, ndinajomba kuthamanga kanayi. Masheya sindinajombepo. Mowa wa Lachisanu unasiyika wokha, pakuti amene akudzuka 5 koloko m'chifunga amadziwa kuti botolo lililonse akalilipira pachitunda.

Koma asakunamizeni kuti masewerowa ndi aulere. Njala yake! Miyezi iwiri yoyamba ndalama imene ndinapulumutsa kumowa inathera pachiwaya, chipisi ndi mazira, mpaka mayi a kunyumba anayamba kundiwiritsira kachewere wa ku Bembeke. Bondo lamanzere nalo linandikhazika pansi masabata awiri chifukwa chotsika mwaliwiro.

Ku banki mkhonde tinagawana ndalama mu Disembala. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yogona m'nyumba sindiikhulupiriranso, choncho yanga ndinagulira feteleza wobereketsa mawa lake lomwe. Wakatapila uja tinakumana pa depoti, anandifunsa ngati ndinasamuka.

Nsapatozi sizimaliza dzinja lino. Wakaunjika wati belo lina atsegula Lachiwiri, ndamuuza andisungire saizi 9.