Vinyl ndi sublimation: mmene matisheti akuonekera patapita miyezi

Tisheti ikangochoka pa heat press (makina okanikiza ndi kutentha) imakongola, kaya mwaisindikiza ndi vinyl (pulasitiki wopyapyala amene amadulidwa kukhala zilembo kapena zithunzi n'kumatidwa pansalu) kapena sublimation (kulowetsa inki munsalu ndi kutentha). Kusiyana kwenikweni ndakuona patapita miyezi matisheti akuvalidwa ndi kuchapidwa.

A sublimation sanasinthe n'komwe. Inki yake ikatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 200 Celsius kwa mphindi imodzi, imasanduka mpweya n'kulowa mkati mwa ulusi. Mukapapasa pachithunzi simumva chilichonse, ndi nsalu basi, choncho palibe chong'aluka kapena chomatuka. Koma ulusiwo uyenera kukhala wa poliyesita, ndipo nsalu ikhale yoyera kapena ya mtundu wowala, chifukwa inki yoyera kulibe. Tisheti yosakaniza ndi thonje inatuwa pochapa koyamba, poti thonje siligwira inkiyi. Apa m'pamene pamandiwawa, chifukwa ambiri ofuna matisheti amafuna a thonje, ndiponso akuda. Pulinta nayo ikakhala nthawi osagwira ntchito, inki imauma n'kutseka timabowo.

Vinyl ndiye amakalamba pang'onopang'ono. Ndimagwiritsa ntchito mtundu wa vinyl wotchedwa EasyWeed ya kampani ya Siser, yomwe imamata pa madigiri 150 m'masekondi 10 mpaka 15. Mayina ndi manambala akuluakulu pathonje lakuda akadali olimba, mtundu wake sunafwifwe. Tizilembo tating'ono ndi timene tayamba kugonja. Patisheti ina kadontho ka pa "i" kanachoka, ndipo nsonga za zilembo zoyandikana ndi kolala zikutukuka, moti mukhoza kulowetsapo chala. Pafupi ndi msoko makina sakanikiza mofanana, ndiye guluu salowa bwino. Chithunzi chachikulu chodzaza pachifuwa chachita timing'alu pamene nsalu imatamuka, ndipo mwini wake akuti chimamuchititsa thukuta.

Chimene sindinkachiyembekezera ndi vinyl woyera papoliyesita wofiira. Patangotha masabata ochepa anasanduka wapinki, chifukwa kutentha kunadzutsa utoto wa nsalu, n'kuyamba kukwera kulowa mu vinyl. Pansalu zoterezi pamafunika vinyl wotchinga utoto.

Ndikapereka tisheti ya vinyl ndimanena motsindika kuti asaichape asanathe maola 24, aziitembenuza pochapa, ndipo simbi isakhudze zilembo. Omwe anatsatira zimenezi matisheti awo akuonekabe bwino. Zithunzi za mitundu yambiri ndi mayunifomu oyera amasewera ndikupanga ndi sublimation yokha, koma wobwera ndi thonje lakuda ndimamudulira vinyl, n'kumupempha kuti tikulitse zilembo.