Mpando wa pawindo pa Q400, kuchoka ku Lumbadzi kupita ku Chileka

Ntchito yanga ndi yogona pansi pa magalimoto, ndiye tsiku limene ndinakwera ndege kupita ku Blantyre, anzanga ankaonera mitambo, ine maso anali pa matayala. Ndege yake inali Q400, ija ya mapulopela awiri yopangidwa ku Canada. Mapiko ake ali pamwamba pa thupi, ndipo miyendo ikuluikulu yokhala ndi matayala imalowa m'mimba mwa injini. Ukakhala pawindo pansi pa phiko umaona zonse ngati uli pagalaja.

Titangonyamuka, timakomo tinatseguka, mwendo unapindikira kumbuyo n'kulowa, kenako phi, kutseka. Amaubisa chifukwa ukalendewera umalimbana ndi mphepo, mafuta n'kumangopita. Chimaukoka ndi haidiroliki, ngati jeke.

Zokoma zinali potera. Tikuyandikira Chileka mwendo unatsika, wautali ngati wa kakowa, matayala awiri kumapeto kwake. Utali umenewo ndi chifukwa choti ukuchokera kumtunda ku phiko, ndipo kutalikirana kwa miyendo iwiriyo kumathandiza kuti ndege isayepuke mphepo ikawomba cham'mbali. Pamwendopo pali chitsulo chonyezimira chimene chimalowa m'chinzake. Sipuling'i mulibe, muli mafuta ndi mpweya wa nitrogen. Mpweyawo umapanikizika kulandira kulemera konse, mafuta n'kumadutsa pa kabowo kakang'ono kuti ndege isanjanje ngati mpira. Ndi shock absorber yomweyi timasintha pa minibasi, kungoti iyi ndi ya akuluakulu.

Matayala atagunda pansi panatuluka kautsi, ndipo mayi amene ndinakhala nawo anandigwira mkono.

"Achimwene, kodi sikukupsa uku?"

Ndinawauza kuti mtima m'malo mayi: tayala limafika lili chiimire, ndiye likakhudza phula pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola limayamba lakhuluzika lisanazungulire. Kugunda kwake kunamvekadi m'msana, sindinama, koma woyendetsa sindingamunene. Miyendo ya ndege imeneyi ndi youma, ndipo kutera motsimikiza kumathandiza kuti mabuleki agwire msanga.

Mbiri yake si yoyera ayi. Mu 2007 ndege zitatu zotere za SAS, kampani ya ndege ya ku Ulaya, zinavuta miyendo potera ku Aalborg, Vilnius ndi Copenhagen, ziwiri zoyambazo chifukwa cha dzimbiri, kampaniyo mpaka inazisiya. Komabe haidiroliki ikakana pali njira ina: amamasula loko, mwendo umagwa ndi kulemera kwake, ndipo pali pampu ya pamanja yomalizira.

Zodandaula zilipo. Mpando umenewu ndi waphokoso, pulopela ali pakhutu pomwepa, ndipo malo oika katundu pamwamba ndi ochepa moti chikwama changa anakachiika kunsi. Tikiti nayo imaluma ukaiyerekeza ndi ya basi, ngakhale ulendo sunakwane ola, pomwe pa M1 ndikanakhala ndisanafike n'komwe ku Dedza. Pobwerera ndinapemphanso mpando womwewo, koma mbali inayo, kuti ndione mwendo winawo.