Nyimbo za magemu akale: FamiTracker kapena FL Studio?

Kuno ku Ndirande, tikafuna kukonzanso nyimbo za magemu akale, njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi FamiTracker, pulogalamu yaulere yotsanzira makina a Nintendo a mu 1983. Pa makinawo mawu amatuluka m'mizere isanu yokha: iwiri ya nyimbo, umodzi wa besi, wina wa phokoso lolowa m'malo mwa ng'oma, womaliza wa timawu tojambulidwa. Kuchepako n'kumene kumandikoka mtima, chifukwa noti iliyonse umayamba waisinkhasinkha usanaiike.

Yachiwiri ndi FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta, momwe nyimboyo umaiveka gitala ndi ng'oma za manganje. Pa ukwati ku Chilomoni, imeneyi ndiyo ingadzutse azakhali pampando. Koma pulogalamuyi ndi yogula, ndipo kakompyuta kofooka kamatsamwa mawu akachuluka. Ine ndimayambira ku FamiTracker, gitala pambuyo.