Thanki yaikulu ya makorali ku Joni: zida ziti zimapulumutsadi magetsi?

Anthu akayamba kukamba zomanga thanki yaikulu ya makorali (tizamoyo ta m'nyanja ya mchere tooneka ngati miyala kapena zomera) m'nyumba kuno ku Johannesburg, mkangano umathamangira ku nyale. Uyu akuti LED, uyu akuti T5, wina wachikale akuumirira metal halide. Nyale tifikako. Koma m'mathanki amene ndimasamalira m'nyumba za anthu kumpoto kwa mzinda uno, chimene chimamwa mayuniti kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi hita, ndipo chimene chimapha nsomba usiku umodzi ndi madzi kuima magetsi akathima. Malangizo ambiri amene timawapeza analembedwa ndi anthu okhala m'nyumba zofunditsidwa chaka chonse, kumene magetsi sathimathima. Ife tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, m'nyumba za njerwa ndi matailosi zimene m'Juni zimazizira mpaka m'mafupa, ndipo nyanja ya mchere ili kutali, ku Durban, makilomita oposa 550 pa msewu wa N3.

Kuti tiyerekeze bwino, titenge thanki imodzi: masentimita 180 m'litali, 60 m'lifupi, 60 msinkhu. Imalowa malita 648. Tikaphatikiza sump, kathanki ka pansi kosefera madzi, n'kuchotsa malo a miyala ndi mchenga, tinene kuti madzi onse ndi malita 700. Kulemera kwake, pamodzi ndi galasi, miyala ndi choikapo chake, kumayandikira tani imodzi. Ngati mumakhala pa renti kapena m'chipinda cham'mwamba, yambani mwakambirana ndi mwini nyumba musanagule chilichonse.

Pamwamba potseguka kapena povindikira

Apa ndi pamene pali ndalama zenizeni. Mukudziwa chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo: madzi ochepa amene amatuluka thukuta kunja kwa dothi akamauma amatenga kutentha n'kupita nako. Thanki yotseguka pamwamba imachita zomwezo usana ndi usiku. Lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imachoka ndi kutentha kofanana ndi mayuniti pafupifupi 0.7 a magetsi. Mpweya wa kuno m'nyengo yozizira ndi wouma kwambiri, milomo imachita kung'ambika, ndiye thanki imaphwa msanga. Tiyerekeze kuti ikutaya malita 10 patsiku. Amenewo ndi mayuniti pafupifupi 7 amene hita iyenera kubwezera, tisanawerenge kutentha kotuluka kudzera m'galasi. Palibe nyale ya LED imene ingakupulumutsireni mayuniti ochuluka chotero.

Ndiye tingovindikira ndi galasi basi? Pamenepa mpofunika kudekha. Chifukwa cha kukwera kwa malo ano, mpweya ndi wopepuka, ndipo okosijeni amene angalowe m'madzi ndi wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi ku Durban. Madzi amchere, komanso ofunda, amasunga kale okosijeni wochepa kusiyana ndi madzi ozizira opanda mchere. Mukatseka ndi galasi kuti ndindindi, nsomba zikuluzikulu monga ma tang mudzaziona m'mamawa zikupuma mothamanga pafupi ndi pamwamba. Galasilo limachitanso mchere woyera umene umatchinga kuwala ngati simulipukuta sabata iliyonse. Kumbali inayo, ukonde wa mabowo ang'onoang'ono umaletsa nsomba zodumpha monga ma wrasse kugwera pansi, umalola mpweya kulowa, koma nthunzi suigwira n'komwe.

Ine ndimakonda njira ya pakati. Ukonde ukhalepo chaka chonse. M'nyengo yozizira, madzulo nyale zikazima, ikani pamwamba pa ukondewo mapepala opepuka a pulasitiki ya polycarbonate otseka mbali yaikulu, kusiya mpata kumapeto konse kuwiri, ndipo skimmer, chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, isazimitsidwe chifukwa ndi imene imathira mpweya m'madzi. Sump nayo ivindikiridwe, kupatula pamene pali skimmer. Kumbuyo kwa thanki kumene kwayang'ana khoma, pansi pake, ndi m'kati mwa kabati, matani polystyrene wa masentimita awiri kapena atatu. Palibe mlendo amene adzamuone, koma mita yanu idzamumva.

Funso la galasi kapena acrylic (pulasitiki yoonekera ngati galasi) lili pafupi ndi limeneli. Acrylic imasunga kutentha bwino kuposa galasi ndipo ndi yopepuka, koma kamchenga kamodzi kakalowa pansi pa maginito opukutira, mzere umatsala. Amisiri opanga mathanki agalasi ndi osavuta kuwapeza kuno. Pa msinkhu wa masentimita 60, galasi lokhuthala mamilimita 12 lokhala ndi zomangira pamwamba limakwana, ndipo zomangirazo ndi pamene chivindikiro chanu chidzakhale. Thanki yopanda zomangira imakongola, koma imafuna galasi lokhuthala kwambiri ndipo inapangidwira kukhala yotseguka.

Hita yeniyeniyo: mahita awiri a mawati 300 ndi abwino kuposa imodzi ya mawati 600. Imodzi ikakakamira poyaka siingaphike thanki msanga, ikafa inzake imagwirizira. Onse awiri adutse pa kachipangizo kapadera koyeza kutentha, monga Inkbird, kotchera pa madigiri 25. Anthu ena amatchera 27 poganiza kuti makorali amakonda kutentha, chikhalirecho pakati pa 24 ndi 26 amakula bwinobwino, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imalipiridwa usiku uliwonse. Chinanso, hita ya gasi imene timakonda kuyatsa pabalaza mawindo ali otseka imadzaza chipinda ndi mpweya wa carbon dioxide, skimmer n'kuukokera m'madzi, pH n'kutsika, kutanthauza kuti asidi akuchuluka m'madzimo. Mukaona pH ikugwa m'Julayi popanda chifukwa, yang'anani kaye kumeneko.

Nyale zitatu zija

Metal halide zitatu za mawati 250 zikayaka maola 8 zimadya mayuniti 6 patsiku, kapena kupitirirapo pang'ono. Machubu asanu ndi atatu a T5 a mawati 80 kwa maola 9 amafika pafupifupi pomwepo, ndipo amafuna kusinthidwa chaka chisanathe kapena chikangokwana. Nyale zitatu za LED, kaya ndi Radion, AI Hydra, Kessil kapena ReefLED, zikamayenda pa mawati pafupifupi 100 iliyonse kwa maola 10, ndi mayuniti 3. Kusiyana kwake ndi mayuniti pafupifupi 90 pamwezi. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti umene uli pa lisiti lanu la City Power kapena Eskom, ndipo kumbukirani kuti pa mitengo yokwera ndi masitepe, mayuniti a thanki amagwera pa sitepe yodula.

Okonda halide amati kutentha kwake sikutayika, kumathandiza hita. Pali zoona pang'ono, koma halide imatenthetsa masana pamene kuzizira kwenikweni kumabwera m'bandakucha, imawonjezera nthunzi, ndipo ikafika Okutobala mpaka Januwale imakukakamizani kugula chiller, makina oziziritsa madzi. Komanso magetsi akangophethira, halide imafuna mphindi zingapo kuti izizire isanayakenso. Kuno sindingaiike.

T5 ndimailemekeza. Kuwala kwake kumafalikira mofanana, kopanda mithunzi yakuda pansi pa nthambi za makorali a Acropora, ndipo simungaitchere molakwika: mwayatsa, mwamaliza. LED ili ndi msampha wake. Maso athu amaona kuwala kwa buluu ngati kofooka, munthu n'kukweza mpaka pamapeto, makorali n'kuyera chifukwa ndere zazing'ono zokhala m'matupi awo, zimene zimawapangira chakudya, zathawa. Bwerekani kapena lipirani mita yoyeza PAR (kuchuluka kwa kuwala kumene makorali amagwiritsa ntchito) tsiku limodzi, mutchere ndi manambala. Amene akufuna Acropora wodzaza thanki angachite bwino kuphatikiza LED ndi machubu awiri kapena anayi a T5.

Komatu nyale imasankhidwa ndi makorali amene mukufuna. Ofewa monga zoanthid, leather ndi mushroom, pamodzi ndi a LPS (makorali amiyala okhala ndi minofu ikuluikulu) monga hammer ndi torch, amakhutira ndi PAR ya pakati pa 50 ndi 150. Acropora amafuna 200 mpaka 400, madzi othamanga kwambiri, ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa pH kugwa) yosasunthasuntha. Thanki ya makorali ofewa ndi LPS ikhoza kuyendetsa nyale zomwezo pa theka la mphamvu, ndipo imapirira magetsi akavuta. Kwa munthu woyamba kuno ku Joni, kusankha kumeneku kumaposa mtundu uliwonse wa nyale. Gulani tizidutswa toleredwa m'mathanki a anzanu kapena m'masitolo. Makorali amiyala ali pa ndandanda yachiwiri ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakuthengo, ndipo a ku Sodwana Bay ali m'malo otetezedwa a iSimangaliso, si otola pobwera kutchuthi.

Ndisabise, abale anga ena ndimawauza kuti ayambe ndi mbuna. Nsomba za kwathu zija za ku Cape Maclear zili ndi mitundu yoti alendo amafunsa ngati ndi za m'nyanja ya mchere, ndipo sizifuna mchere, skimmer kapena nyale zodula. Hita yokha ndi imene simungaithawe. Koma amene mtima wake wagwa pa makorali sabwerera, ndiye tipitirire.

Mapampu

Pampu yobwezera madzi kuchokera mu sump imayenda maola 24. Ya AC ya mawati 80 imadya mayuniti pafupifupi 1.9 patsiku, ya DC yotsitsidwa kufika pa mawati 35 imadya 0.8. Zoona, kutentha kwa pampu yomizidwa kumalowa m'madzi, choncho m'Juni kusiyanako kumachepa. Ubwino waukulu wa DC uli pena: imatha kuyenda pa batire. Musagule pampu yaikulu kuti ikhale yoyendetsa madzi m'thanki. Mu sump muzidutsa madzi okwana kuchuluka kwa thanki katatu mpaka kasanu pa ola, ndipo mafunde apangidwe ndi timapampu ta m'kati, monga Jebao, Tunze, Maxspect Gyre kapena Vortech, timene timakankha madzi ambiri ndi mawati 15 kapena 20 okha. Sump ikhale pansi pa thanki pomwepo. Kuiika m'galaja kumachepetsa phokoso pabalaza, koma mapaipi aatali amafuna pampu yamphamvu, ndipo galaja ya ku Joni m'Julayi imayamwa kutentha konse.

Magetsi akathima

Amene tinalipo mu 2023, pamene kuzimitsa magetsi mosinthana kunkafika pa siteji 6, tikudziwa kuti maola anayi opanda magetsi si nthano. Ngakhale zitakhala bwino, kuba mawaya ndi kuwonongeka kwa masiteshoni a magetsi kumatha kudetsa dera lonse tsiku lathunthu kapena kuposa.

Jenereta ndi yotsika mtengo pogula ndipo imanyamula chilichonse, ngakhale mahita. Koma imafuna munthu woiliza, ndipo magetsi sasankha nthawi imene muli pakhomo. M'makompuleksi ambiri malamulo amaletsanso phokoso ndi utsi wake. Inveta yokhala ndi batire la lithium imalowa yokha, mwakachetechete. Chinsinsi ndi kusankha zimene zidzakhale pa batirelo. Timapampu ta mafunde, pampu ya DC ndi skimmer pamodzi ndi mawati pafupifupi 100, ndipo batire la mayuniti 5 lingazinyamule kupitirira tsiku limodzi ndi theka. Mukalumikizapo mahita a mawati 600, batire lomwelo likhoza kutha m'maola asanu ndi awiri. Mahita asakhalepo, nyale zisakhalepo. Madzi okwana malita 700 amafunika kutaya kutentha kwa mayuniti 0.8 kuti atsike digiri imodzi, choncho thanki yomatidwa bwino, yofunditsidwa bulangete, imazizira pang'onopang'ono. Makorali amakhala masiku awiri kapena atatu opanda kuwala. Madzi akaima, makamaka pamtunda ngati uno, okosijeni amatha m'maola ochepa.

Amene thumba silinafike pa inveta akhoza kuika batire laling'ono lolumikizidwa mwachindunji ku timapampu ta mafunde, n'kuwonjezera kapampu ka mpweya koyaka kokha magetsi akathima. Amene ali ndi sola ali ndi mwayi wina: dzinja la kuno ndi la dzuwa lowala pafupifupi tsiku lililonse. Tcherani nyale kuti ziziyaka masana, hita ikweze madzi kufika pa 26 dzuwa lilipo, usiku atsike okha kufika pa 25. Inveta yolowa m'mawaya a nyumba iikidwe ndi katswiri wovomerezeka amene apereke satifiketi yake, ndipo ikani zotetezera ku mphenzi, chifukwa ziphaliwali za mvula ya kuno zimawotcha makontolola a LED ndi a mapampu mosayang'ana mtengo.

Chilimwe sichivuta kwambiri. Pa thanki ya LED yosayandikira windo la kumpoto kapena kumadzulo, mafani awiri opemerera pamwamba pa madzi amakwana masiku ambiri, ndipo nthunzi ija imene inali mdani m'Juni imakhala yothandiza. Chiller imadya mawati mazana angapo ndipo imatulutsira kutentha m'chipinda chomwecho.

Madzi ogula kapena opanga nokha

Kwa malita 700, kugula madzi m'zigubu kumatopetsa msana ndi thumba. Gulani sefa yochotsa zosungunuka m'madzi, ya RO (reverse osmosis) yokhala ndi gawo la DI (deionisation). Madzi a Rand Water, ochokera ku Vaal Dam, amathiridwa chloramine, mankhwala ophera tizilombo amene sauluka mukangowasiya mundowa, choncho pafunika masefa awiri abwino a kaboni patsogolo, ndipo mita ya TDS, yoyeza zosungunuka m'madzi, izionetsa 0. Sefayo imataya malita awiri mpaka anayi pa lita iliyonse yabwino. Otayikawo apite kumaluwa. Mchere ndi magalamu pafupifupi 35 mpaka 38 pa lita, kufikira refractometer, kachipangizo koyeza mchere m'madzi, itaonetsa 1.025 kapena 1.026. Mipopi ikauma masiku angapo, monga zimachitikira m'madera ena, mgolo wa malita 200 wa madzi osefa kale ndi umene udzakusungireni thanki.

Mgolo womwewo ndi wofunika m'Disembala, tikakwera basi kupita kumudzi kwa masabata atatu kapena anayi. Kachipangizo kowonjezera madzi kokha kazikoka mumgolo wokwanira ulendo wonse, ndipo werengerani nthunzi ya chilimwe mafani akuyaka, osati ya m'nyengo ya chivindikiro. Amene mwamusiyira makiyi mumupatse chakudya cha nsomba chogawa kale m'timapaketi ta tsiku ndi tsiku, mumusonyeze swichi ya earth leakage pa bolodi, imene imathimitsa magetsi akadutsa polakwika, ndipo mumuuze kuti madzi akatsika athire a mumgolo opanda mchere, osati amchere, chifukwa mchere suuluka ndi nthunzi.